Mabuku a Chipwitikizi Amene Ndidakulungitsa Mchere

Ana anga, ndikudziwa kuti mudamva kale, ngakhale palibe mmodzi mwa inu adalimba mtima kundifunsa pamaso, kuti bambo wanu adatsitsidwa pantchito chifukwa chong'amba mabuku a mishoni. Azakhali anu ndiwo ankakonda kuiwanditsa nkhaniyi, ndipo ankaikometsera ngati adalipo. Nzoona, ndidang'amba, ndi manja angawa, dzuwa likuswa mtengo. Sindikulemba kuti ndipepese ayi. Ndikulemba chifukwa munthu amene ndinkamusungira pakamwa adagona kalekale, ndipo palibenso lole imene ingabwere kudzamutenga.

1949, ku Champiti

Ntchito yanga yoyamba idali yothandiza mphunzitsi pa sukulu ya mishoni ku Champiti. Ndinkaphunzitsa tiana ta kalasi yoyamba pansi pa mtengo, koma chimene chidanditchukitsa lidali bokosi. Lidali la matabwa, lokhala ndi loko, ndipo m'katimo mudali mabuku obwereketsa: a nyimbo, a zaumoyo, a ulimi, ndi tinkhani tingapo ta m'Chinyanja tothaitha. Bokosi limenelo ndilo lidali laibulale ya dera lonse. Mzungu wotiyang'anira tinkamutcha Bwana Fulumira, chifukwa mawu amenewo ndiwo ankawadziwa bwino m'chinenero chathu, ndipo ankawanena ngakhale pamaliro. Pondipatsa kiyi adati, "Nyoni, buku likasowa, iwenso usowa." Sankati aNyoni monga anthu onse. Kwa iye tonse tidali iwe, ndi abusa a imvi omwe.

Adani a mabuku adali chiswe, makoswe ndi osuta fodya. Chiswe ndinkachigonjetsa poika bokosi pamiyala ndi kuwaza phulusa mozungulira. Makoswe adathana ndi mphaka. Koma osuta fodya, ha! Masiku amenewo pepala lidali losowa, ndipo munthu wa chingambwe akaliona mtima wake unkadumpha. Ankabwera ndi nkhope ya kutchalitchi, ati ndibwerekeko buku la zaumoyo, sabata yamawa buku likubwera lowonda, masamba a pakati atapita ndi utsi. Choncho ndidaphunzira kuyang'ana zala za munthu asanatsegule pakamwa. Zikakhala zofiirira, ndinkangoti buku limenelo labwerekedwa, ngakhale likuoneka poyera. Ndidadana ndi akulu ampingo chifukwa cha zimenezi, ndipo sindidasamale. Mayi anu, amene ndidawakwatira chaka chomwecho, ankati ntchito yandisandutsa munthu wokayikira ndi mthunzi wake womwe. Sadaname.

Pali chinanso chimene ndidachiona kumeneko, ndipo muchisunge chifukwa chibweranso kutsogoloku. Tonse amene tidaphunzira pa sukulu za mishoni tinkawerenga ndi milomo. Aphunzitsi ankatiimbitsa zilembo mokweza kuyambira m'mawa, ndiye chizolowezicho sichinkachoka. Munthu ngakhale atatseka mawu, maso akangogwa pa zilembo milomo inkagwedezeka yokha. Wodziwa kuwerenga ndinkamuzindikira ndili patali.

1953, ku Kandeu

Adandikweza n'kunditumiza ku Kandeu kukasunga chipinda chowerengeramo. Chidali cha zidina, chofolera ndi udzu, khomo lake lidayang'anizana ndi sitolo ya Che Amadu, Myao wachisilamu amene ankagulitsa mchere, sopo, misomali ndi nsalu. Ndidanyada, sindibisa. Koma chidali chaka choipa. Nkhani ya Chitaganya, yotimangirira pamodzi ndi maiko ena awiri, idali m'kamwa mwa aliyense, ndipo boma linkaona mdani m'pepala lililonse. Mesenjala wa boma ankalowa m'chipinda changa n'kumagwedeza mabuku ngati muli ndalama, iye osadziwa ndi kuwerenga komwe. Aliyense ankanong'ona kuti mnzake ndi kazitape. Ena ankaloza ine, ati munthu wosunga kiyi wa mzungu sangakhale wabwinobwino.

Nthawi yomweyo anthu ankabwera ambiri kuchokera kwa Apwitikizi, kuseri kwa msewu waukulu kumene malire amadutsa. Ankathawa chibalo, ntchito yokakamiza ya m'misewu ndi m'minda ya thonje. Ankathawanso mbalamatodya, chithabwa chobowolabowola chimene asipayi, apolisi a kumeneko, ankamenyera anthu m'zikhatho mpaka kuphulika. Anthuwa sankaoneka achilendo. Chinenero chimodzi, mifunda yomweyi, ena abale athu enieni. Munthu ankafika, kupempha malo, kukwatira, basi ndi mkamwini wa pamudzi. Ochenjera sankakhala pafupi ndi msewu, ankatsikira kuno kwathu, chifukwa zinkamveka kuti asipayi amavula yunifolomu n'kudzanyamula munthu pa tsiku la msika, kumuponya m'lole, osaonekanso. Ife tinkawadziwa othawawo, koma mwambo udali umodzi: sufunsa munthu kumene wachokera.

Tsiku lina Bwana Fulumira adafika pa njinga yake yamoto, fumbi lili kobo, maganizo atsopano ali m'mutu. "Nyoni, anthu awa a kwa Apwitikizi alibe chowerenga. Tiwapezere mabuku a chinenero chawo." Ndidati, "Bwana, chinenero chawo ndi chomwe tikulankhulachi." Adandiyang'ana ngati ndamuponda chala. "Chipwitikizi! Iwe usankhe abwino okhaokha. Pasakhale za ndale, a DC angatitsekere. Pasakhalenso za Aroma." Ndidaona kuti za Aromazo ndizo zinkamuopsa kuposa za ndale. Ndidamukumbutsa mwaulemu kuti ine Chipwitikizi sindidziwa ngakhale moni, ndipo iyenso sankachidziwa. Adakwera njinga yake n'kuti, "Upeze njira. Fulumira."

1954, bokosi la aZuze

Miyezi idapita osapeza ngakhale buku limodzi. Kenaka mabukuwo adatipeza okha. Kudali munthu wina, aZuze, wogula mbatata ya kachewere ndi nyemba, amene ankayenda mbali zonse ziwiri za malire popanda womufunsa. Adali wonenepa, wosekaseka, wa chipewa chabwino, wogawira ana masiwiti. Adatsitsa bokosi pangolo pakhomo panga n'kuti, "Wawa aNyoni. Ndamva kuti mukusowa mabuku a abale athu aja. Awa ndi aulere." Ndidafunsa kuti amva kwa yani, poti nkhaniyo tinkaidziwa ine, Bwana ndi mayi anu basi. Adangoseka. Kenaka adatambasula zikhatho zawo. "Inenso mbalamatodya ndidailawa, aphunzitsi." Zipsera zidalipodi, sindingakane. Koma ndidadzifunsa mumtima kuti munthu wolawa mbalamatodya amawoloka bwanji malire sabata ndi sabata akuimba mluzu. Adaitananso kalipentala kuti akhome shelefu yatsopano, ndipo malo adasankha okha, pafupi ndi khomo pamene pamawala, ati kuti owerenga asapweteke maso. Bwana atamva adakondwa ngati mwana, n'kulamula kuti shelefuyo idzatsegulidwe ndi pemphero iye akadzabwerako kumsonkhano wa mishoni. Ine ndidangokumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ndidayamba kusankha ngati wakhungu wosankha nyemba. Ndinkatsegula buku lililonse kufunafuna zithunzi. Lokhala ndi mtanda ndi mayi wofunda nsalu kumutu, pambali, ndi la Aroma limenelo. Lokhala ndi mbendera kapena msilikali, pambali. Koma ambiri adalibe chithunzi ngakhale chimodzi, mizere yokhayokha yakuda bii, ndipo buku lotero likadatha kutukwana Mfumukazi kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza ine ndikulipukuta fumbi mwachikondi. Ndidatsimikiza kuti msampha uli pamenepo, kuti wina akufuna mesenjala adzapeze buku loletsedwa m'manja mwanga, ndikagone kundende. Ndinkafunika munthu wondiwerengera. Ndidafunsafunsa othawawo mochenjera, koma yankho lidali limodzi ngati adapangana: "Ife sukulu sitidaione, aphunzitsi."

Che Amadu ankakulunga malonda awo m'nyuzipepala zakale, ndipo zina zinkachokera kutsidya kwa malire. Tsiku lina ndili pakhonde pawo ndidaona aMbewe, mkamwini wa pamudzi wina kumtunda, mlimi wa kachewere, munthu wosalankhulalankhula. Adagula mchere. Potuluka adayang'ana phukusi lawo, n'kulitembenuza kuti zilembo ziime bwino, ndipo milomo idayamba kugwedezeka. Ndidayang'ana zala, monga mwa khalidwe langa. Zofiirira, za msuti weniweni. Koma munthuyo, pepala lili m'manja, adakhala pansi n'kupichira fodya wake m'khoko la chimanga. Ndidati mumtima, ndakupezani.

M'mawa mwake ndidakwera kumunda kwawo ngati wofuna mbewu ya kachewere. Titapatsana moni ndidanena chimene ndidadzera, mosazungulira kwambiri. Khasu lidaima m'mwamba.

"Wakutumani ndani?"

"Palibe wandituma."

"Onse amene adandipweteka ankati palibe wawatuma. Ine sukulu sindidaione."

Ndidati, "AMbewe, milomo yanu dzulo pasitolo inkanena zina."

Adagwira pakamwa ngati ndawamenya mbama. Adayang'ana kumsewu ndi kutchire, kenaka adafunsa kuti wina amene waona ndani. Ndidati sindikudziwa, koma aisamale milomoyo. Mwina chenjezo limenelo ndilo lidawafewetsa. Sikuti adandikhulupirira ayi, ndipo inenso sindidawakhulupirire. Potsika phiri ndinkadzifunsa ngati si iwowo kazitape weniweni, woikidwa pakati pa anzawo kuti aziwerenga mitu. Koma ndidalibe wina, ndiye ndidayamba kupita nawo mabuku aja pang'onopang'ono, m'thumba, pamwamba nditaika kachewere.

Tinkakhala m'kamsasa ka m'munda, masana, anthu atapita kukapuma. Sindidzaiwala mmene adagwirira buku loyamba. Adapukuta manja pakabudula, n'kulinunkhiza. Kenaka adayamba kuwaika milumilu. "Ili ndi la mapemphero. Ili likuphunzitsa ana kuti Mpwitikizi ndi tate wathu, ndipo ntchito ndiwo mankhwala a ulesi." Adalavula pambali. "Ili ndi la kasamalidwe ka mpesa, umene kuno sumera. Ili la masamu." Atafika pa lina lonenepa, la chikuto chobiriwira, maso adakakamira pa zilembo. Ndidadikira, ndidatsokomola, ayi ndithu, munthu wapita. Nditawagwedeza phewa adati ndi nkhani ya munthu wina amene adatengedwa pachombo kupita naye kudziko lakutali, n'kusiya mwana wake wamkazi, ndiye akuyesayesa kubwerera kwawo. Adalitseka okha n'kulibwezera m'thumba. "Likapezeka m'nyumba mwanga ili, ndatha."

Tsiku lomaliza ndidafunsa, "Tsono loopsa ndi liti?" Adati, "Palibe. A DC anu agone tulo, mulibe ndale m'menemu." Mtima wanga udakhala pansi, ndidaseka ndithu. Koma iwo sadaseke.

"Aphunzitsi, inu mukuyang'ana m'kati mwa mabuku. Tayang'anani panja. Kwathu kuja amawerenga Chipwitikizi ndani? Wolima thonje? Ayi. Ndi kalaliki, womasulira, katekisiti. Mlimi akathawa, Mpwitikizi sataya tulo, amangogwira wina. Koma ife amatifuna, chifukwa tidaona zambiri."

Pamenepo ndipo adandiuza za iwo. Adali womasulira pa boma la Apwitikizi. Akamva kuti mawa asipayi akukagwira anthu a chibalo pamudzi wakuti, ankatumiza mawu patsogolo, asipayi n'kukapeza nkhalamba ndi nkhuku zokha. Zitaululika adathawa ndi malaya a m'thupi, n'kusiya mwana wawo wamkazi, wamasiye, kwa amalume ake. Dzina lawo lakale adalitaya pamalire, n'kutsala ndi mfunda wokha.

Kenaka adafunsa, "Shelefu yanu ija adaikhoma pati?"

"Pakhomo."

"Munthu wokhala pakhonde la Che Amadu angaione?"

Pakhonde limenelo ndipo aZuze ankakhala tsiku lililonse la msika, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

"Amene adzatambasule dzanja pa shelefu imeneyo wadziulula yekha," adatero aMbewe. "Alipo ena anjala ngati ine, adzabwera. Ndipo musandione kuchenjera kuno, inenso sindikudzikhulupirira. Buku lobiriwira lija ndaliyamba."

Ana anga, ndidasauka mumtima masiku amenewo kuposa nthawi ina iliyonse pantchito yanga. Kumuuza Bwana? Munthu uja ankadya ndi a DC, ndipo pakamwa pake padalibe chitseko. Akadafunsa kuti wandiuza ndani, kenaka akadakwera njinga yake yamoto kukawathokoza aMbewe kumunda, mudzi wonse ukuonerera. Kuwabwezera aZuze bokosi lawo? Akadadziwa kuti alipo wandiwerengera ndi kunditsegula maso, n'kuyamba kufufuza kumene ndinkapita ndi thumba. Kuwabisa, Bwana akadawafuna tsiku la pemphero. Kuwatentha, utsi womwewo ukadanena kuti ndadziwa kanthu. Ndiponso ndidalibe umboni. Mwina aZuze adali munthu wachifundo chabe, ine wokayika ndi mthunzi womwe uja.

Mayi anu ndiwo adandimasula, akusankha nyemba pamphasa. Ndidawauza zonse kupatula dzina la aMbewe. Adati, "Mbuzi yoyera imaoneka msanga m'khola la zakuda. Nanga zonse zikayera?" Ndidati musandiphere miyambi, ndili pamoto. Adati, "Inu mwakhala zaka mukuthamangitsa osuta fodya. Bwanji osawaitana?" Ndidakwiya, ndidatuluka panja, ndidazungulira nkhokwe. Pobwerera ndidawapempha lumo.

Ine amene ndinkamata tsamba long'ambika ndi phala, ine amene ndidadana ndi akulu ampingo chifukwa cha pepala, ndidakhala pansi m'chipinda changa n'kumadula ulusi wa mabuku abwinobwino. Misozi idagwa, sindichita manyazi kunena. Zikuto ndidapatsa mayi anu kuti asonkhezere moto. Masamba ndidawasakaniza m'dengu n'kuwolokera nawo kwa Che Amadu, ndidati awa ndi okulungira malonda, ndipo aliyense wofuna pepala la fodya mumupatse. Adayang'ana dengu, adayang'ana ine, n'kuti, "Aphunzitsi, ine ndimagulitsa mchere, nkhani sindigula." Ndidatulutsa mtolo wina womanga ndi luzi, masamba a buku lobiriwira lija, osasakaniza. "Awa muwaike padera. Muzikulungira aMbewe okha, kuyambira pamwamba." Che Amadu adasisita ndevu nthawi ndithu. Kenaka adati, "Munthu wogula mchere wochuluka chotero ayenera kuti ali ndi ng'ombe zambiri," n'kuuponya mtolowo pansi pa kauntala.

Sipadapite nthawi, Kandeu yense adadzaza Chipwitikizi. Amayi ankanyamula usipa m'Chipwitikizi, ana ankakutira makope awo m'Chipwitikizi, madoda pansi pa mtengo ankasuta Chipwitikizi. Mkulu wina amene ndidamumana buku ku Champiti adadzandigwira chanza, ati tsopano mwakhala munthu. Mbiri idawanda kuti ndagulitsa mabuku a mishoni kuti ndidyepo, ndipo sindidaitsutse, chifukwa mbala yopusa siifunsidwa kuti wakuwerengera ndani. AMbewe ankatsika kudzagula mchere wa pang'onopang'ono, Che Amadu n'kumaukulunga ndi masamba ochuluka ngati ndi dzira. Akazi awo ankadandaula pachitsime kuti bambowa ayamba misala ya mchere.

AZuze adali atasowa masabata angapo. Adatulukira tsiku la msika, ndipo sadali okha. Adali ndi munthu wina wamtali, wa nsapato zopukuta, amene sadapereke moni kwa aliyense. Lole idaima pansi pa mtengo kuseri kwa msika, woyendetsa osatsikamo. AZuze adalowa kwanga akuseka, napeza shelefu yawo itadzaza mabuku a nyimbo a m'Chinyanja. Kuseka kudatha. Sadandifunse kanthu, adangowoloka kupita pasitolo, ine pambuyo pawo. M'mawa womwewo Che Amadu adali atandinong'oneza kuti mtolo uja watsala tsamba limodzi. Ndipo taonani tsoka, aMbewe akutuluka m'sitolo, phukusi lokulungidwa m'tsamba lomwelo lili m'manja.

AZuze adalitsomphola phukusilo, adakhuthulira mchere m'chipewa cha aMbewe, n'kuwongola pepala pantchafu. Milomo yawo idagwedezeka. Adanditembenukira, "Mwachita chiyani, aNyoni? Mwachita chiyani?" Ndidati ndidalephera kusankha, ndiye ndidaona kuti pepala lisaonongeke. Kenaka adatembenukira kwa aMbewe. Sindidziwa ngati adali atawaganizira kale, kapena chidali chifukwa choti phukusilo lidali lawo. Adawalankhula m'Chipwitikizi, mofatsa, ngati munthu wolankhula ndi mbale wake, pepala ataliimika pamaso pawo penipeni. Munthu wa nsapato uja sankayang'ana pepala ayi. Ankayang'ana pakamwa pa aMbewe.

Mayo ine! AMbewe adayang'ana chipewa cha aZuze, adayang'ana khutu lawo, adayang'ana mchere wawo, kulikonse kupatula pa zilembo. Kenaka adakanda m'mutu n'kuti, "Mukuti chiyani kodi, achimwene? Ngati pepalalo mwalikonda tengani, koma ine ndimati ndipichiremo fodya." Adalilandira, adaling'amba pakati, theka adapatsa mkulu wina amene adali atatambasula kale dzanja. M'theka linalo adathira chingambwe, adapichira mosafulumira, adanyambita m'mphepete, n'kuliika pakamwa. Adatembenukira kwa munthu wa nsapato uja. "Muli ndi moto, bambo?" Munthuyo adawapatsa machesi. Adasuta pomwepo mpaka ndudu idawaotcha zala. Mlendoyo adayang'ana khonde lonse, madoda onse akufuka Chipwitikizi, adayang'ana mayi wina akupukuta mwana mamina ndi tsamba la masamu, adalavula, n'kupita kulole.

AZuze adatsala pang'ono. Adandiyandikira, mawu ali pansi. "Mabuku aja adali a mng'ono wanga, aphunzitsi. Adafera ku chibalo. Ine ndimati awerengedwe ndi anthu." M'maso mwawo mudali misozi, yeniyeni, ndidaiona. Mpaka lero ndimaitembenuza nkhaniyi ndikakhala pakhonde. Ngati adanena zoona, ndidalakwira munthu wolira. Ngati adanama, sindidaonenso wina wodziwa kunama ngati iwo. Chimene ndikudziwa n'chakuti atapukuta misozi adakakwera lole yomweyo, ndipo ku Kandeu sadapondekonso.

1955, ku Sharpevale

Bwana Fulumira sadafunike womuuza. Khukhi wake adamugulira mchere, ndipo pepala lidafika pathebulo. Adabwera ali wofiira mpaka m'khosi. "Nyoni, mabuku ali kuti?" Ndidati, "Adali osayenera, Bwana." Adati, "Wadziwa bwanji, iwe wosadziwa Chipwitikizi?" Funso lidali labwino, ndipo yankho lake lidali dzina la munthu. Ndidayang'ana pansi. Adanditcha wakuba pamaso pa ana a sukulu, adandilanda kiyi, n'kunditumiza ku Sharpevale kukaphunzitsanso tiana ta kalasi yoyamba. Ife anthu a kumtunda, ozolowera mphepo, tidakaona zakuda kuchigwako: kutentha, udzudzu, malungo chaka ndi chaka, choko chosowa mpaka tinkalemba pansi ndi zala. Kiyi wa mabuku sindidamugwirenso mpaka kupuma pantchito. Mayi anu adapirira osanditonza, koma akamakufungatirani mukunjenjemera ndi malungo ankandiyang'ana, ndipo ine ndinkawayang'ananso, poti lumo lija lidali lawo.

AMbewe adakalambira ku Kandeu, akulima kachewere, lole osawapeza. Adabereka ana ena kumeneko. Kwawo sadabwererenso, chifukwa adadwala Apwitikizi asanachoke. Nditamva kuti matenda akula ndidakwera njinga kukawaona. Adali atawonda, atagona pamphasa m'mbali mwa nyumba. Adauza onse kuti atisiye tokha, n'kundikokera pafupi.

"Aphunzitsi, inu mwayendayenda, mwina mudamvako. Munthu uja wa m'buku lobiriwira. Pamene ndidalekeza adali ali m'chombo, ataona mapiri a kwawo. Kodi adakamupeza mwana wake?"

Ndidati, "Simudaoneko ngakhale mzere umodzi tsiku lija? Pepala lidali pamphuno panu."

Adati, "Ndikadayang'ana, milomo ikadandipereka."

Ndidafunitsitsa kunama, kuti eya, adakamupeza, atakula, ali ndi ana. Koma aMbewe ankadziwa bwino kuti ine Chipwitikizi sindidziwa ngakhale moni. Ndidangowagwira dzanja, zala zofiirira zija.

Pamaliro awo mkulu wampingo adaimirira kunena mbiri ya malemu. Adati adali mlimi wakhama, munthu wofatsa, wanzeru zobadwa nazo ngakhale sukulu sadaione. Ana awo adavomera ndi mitu. Ine ndidakhala kumbuyo, dzanja lili pakamwa.